MAKINA OTSUKA MBALE AKALEKA KUYERETSA

M'nyumba zina za m'mizinda muli makina otsuka mbale. Makinawa ali a mtengo wapatali, ndipo tsiku limene mbale zituruka ziri ndi mafuta pamauka mkangano. Mwini nyumba aneneza wanchito kuti ali waulesi, wanchito aneneza makina, ndipo potsiriza aitana mmisiri amene alandira ndalama zambiri pocotsa kambeu kamodzi ka phwetekere. Komatu zobvuta zambiri za makinawa munthu wamba angathe kuzipeza yekha, akadziwa kayendedwe kao.

Makina oyamba amene anthu anakondwa kuwagula anapangidwa ndi mkazi wa ku America, Josephine Cochrane wa ku Illinois. Boma linampatsa kalata yobvomereza nzeru yace m'caka ca 1886, ndipo mu 1893 anawaonetsa pa cionetsero cacikuru ca ku Chicago. Nzeru yace inali yakuti litsiro licoke ndi mphamvu ya madzi othamanga, osati ndi kukweca, ndipo makina a lero atsatabe njira yomweyo.

Kayendedwe kace ndi aka. Madzi alowa pang'ono pansi pa makina, cotenthetsa ciwatenthetsa kufikira madigiri 50 kapena 70, ndipo pampu iwakankhira m'mikono yokhala ndi tiziboo. Poturuka pa tizibooto madzi azunguza mikonoyo, nawaza mbale zonse. Atatero agwera pansi, napyola pa sefa, nabwerezanso ulendo womwewo kambirimbiri. Ndico cifukwa cace makina a makono atha nchito yonse ndi malita 10 kufikira 15 okha. Tsono mbale zikakana kuyera, cimodzi ca zinai izi caperewera: njira ya madzi, kutentha, sopo, kapena ubwino wa madziwo.

Munthu asanapise dzanja m'kati ayambe wazimitsa magetsi ndi kuzula pulagi. Coyamba kuyang'ana ndi sefa, imene ikhala pansi peni-peni. Pakuti madzi ali omwewo obwereza, sefa yodzala ibwezera nyansi pa mbale, ndipo cizindikiro cace ndi timisece m'matambula ndi pfungo loipa. Sefa icoka poipotoza ndi dzanja, ndipo iyenera kutsukidwa pa mpope ndi kaburashi sabata iri yonse. Wotsukayo acenjere, popeza zidutswa za galasi zikonda kubisala pamenepo.

Caciwiri ndi mikono yowaza madzi. Mbeu ya ndimu, njere ya mpunga kapena kamunga ka nsomba zikwanira kutseka kaboo. Mkono ucotsedwe, tiziboo titokosedwe ndi kamtengo kosongoka, ndipo madzi apyoletsedwe m'kati mwace. Pofuna kudziwa ngati mkono uzungulira, munthu aone kumene waloza, ayendetse makina kanthawi, natsegule citseko. Akaupeza uli pomwepo, pali coutsekereza.

Kawiri-kawiri cotsekerezaco ndi kaikidwe ka ziwiya. Cogwirira ca poto colendewera pansi ciimitsa mkono. Mbale yaikuru yoima patsogolo itseka kabokosi ka sopo, ndipo sopoyo apezeka ali duu nchito itatha. Masipuni ofungatirana satsukika, ndipo kapu yoikidwa cagada ingotunga madzi akuda. Ziwiya zonse zipenye pansi ndi ca pakati, kumene madzi acokera, ndipo mipeni iloze pansi kuopa ngozi. Zotsala za cakudya zipalidwe, ndipo poto wa nsima abviikidwe poyamba, pakuti nkhoko zouma sizimvera madzi owaza. Mthiko ndi cipande zitsukidwe pa manja, cifukwa mtengo ung'aluka ndi kutentha. Mapoto a aluminiyamu nawo ada ndi sopo wa makina.

Cacitatu ndi kutentha. Mafuta a nyama sasungunuka m'madzi ozizira. Makina akatha nchito mbale ziyenera kuturuka zotentha, ndi nthunzi pa citseko. Zikaturuka zozizira ndi zonona, mwina cotenthetsa cafa, mwina wasankhidwa ndi mcapo waufupi wosayenera mapoto a ndiwo.

Cacinai ndi sopo. Sopo wa madzi wotsukira mbale pa manja asalowe konse m'makina, pakuti acita thobvu lambiri; thobvu lifoketsa pampu, ndipo lisefukira pansi m'khichini. Sopo wa makina sacita thobvu, ndipo ambiri ali ndi mankhwala osungunula zakudya za ufa ndi za mazira. Akakhala pa cinyezi aundana nataya mphamvu, cotero asungidwe pouma, ndiponso patali ndi ana, cifukwa aocha pakamwa ndi m'maso. Kale sopoyu anali ndi fosifeti wambiri wofewetsa madzi. Koma popeza fosifeti ameretsa ndere m'mitsinje ndi m'nyanja, zigawo zambiri za America zinamletsa mu 2010, ndipo maiko a Ulaya anamcepetsa kuyambira mu 2017. Cotero lero ubwino wa madzi eni ace uli kanthu kakakuru koposa kale.

Madzi ena ali ndi laimu wosungunuka. Otere ndi madzi a m'zitsime zakuya za ku Lusaka, mzinda wokhala pa miyala ya laimu, ndiponso a ku London. Ali yense amene anaona zoyera zomatirira m'ketulo adziwa madzi amenewa. M'makina laimu asiya cifunga coyera pa matambula, nakuta cotenthetsa, natseka tiziboo. Makina ambiri ali ndi cofewetsa madzi cimene cifuna mcere wace-wace, wothiridwa m'nkhokwe ya pansi. Mcere wa ndiwo suyenera, popeza uli ndi zosanganiza zimene zitseka cofewetsaco. Palinso mankhwala a madzi otsukuluzira, amene athandiza madzi kutsetsereka osasiya madontho. Kuyesa kwace nkosabvuta: tambula ipukutidwe ndi viniga. Cifunga cikacoka, anali laimu. Cikakana, galasi ladyeka ndi sopo wocuruka m'madzi ofewa, ndipo silibwereranso. Cotsala ndi kucepetsa sopo kuti ena apulumuke. Viniga asasanganizidwe ndi jiki, pakuti ziturutsa mpweya wa poizoni.

Nthawi zina madzi akuda atsala pansi makina ataima. Madzi oyera pang'ono kunsi kwa sefa si cirema ai, koma thamanda lakuda lionetsa kuti njira yoturukira yatsekeka. Pamenepo payang'anidwe sefa, paipi ya kumbuyo ngati yapindika, ndi pamene paipiyo ilumikizana ndi sinki. Paipi iyenera kukwera m'mwamba isanatsikire ku sinki, kuti madzi a m'sinki asabwerere m'makina.

Zonsezi zikayesedwa koma mbale zikali zakuda, kapena cotenthetsa cafa, pampu ingolira osakoka madzi, madzi adontha pansi, kapena magetsi a m'nyumba azima makina akayamba, imeneyo ndi nchito ya mmisiri. Madzi ndi magetsi zikakomana zipha munthu, ndipo wosaphunzira asamasule zitsulo za makina. Koma mwini makina amene afotokozera mmisiri zimene waziyesa kale, ndi cizindikiro cimene waciona, afupikitsa nchito, ndipo malipiro acepa.