Mantha a pobereka: phunziro lochokera kukhola

Tsiku lina ndinakayendera munda wa thonje wa mlimi wina kufupi ndi Ngabu. Pobwerera kunyumba tinapeza mbuzi yawo ili pafupi kuswa, ana ndi agalu ataizungulira. Bambowo anawathamangitsa onse. "Mbuzi ikachita mantha mwana satuluka msanga," anatero. Koma pakhonde panali mtengwa wawo wa mimba yoyamba, amene akuti anali atasiya kudya ndi kugona bwino chifukwa cha nkhani zoopsa za pobereka zimene ankamva kumjigo. Za mbuzi ankazidziwa, koma za mtengwayo panalibe amene anachitapo kanthu.

Ine sindine namwino, ntchito yanga ndi ya mbewu ndi nthaka. Komabe amayi ndiwo amagwira ntchito yambiri m'minda mwathu, choncho nkhaniyi ndi ya alimi.

Zimene mantha amachita m'thupi

Mayi akayamba matenda, thupi limatulutsa mchere wotchedwa oxytocin umene umathandiza chiberekero kukankha mwana. Akachita mantha limatulutsanso wina, adrenaline, umene umakonzekeretsa munthu kuthawa. Wachiwiriyu akachuluka amatha kufooketsa ntchito ya woyamba uja. Minofu imauma, ululu umakula, ndipo ululuwo umawonjezera mantha. Dokotala wa ku England, Grantly Dick-Read, analemba za zimenezi m'chaka cha 1933.

Kuno kwathu vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa m'Malawi muno amene anasindikizidwa mu 2018 anapeza kuti mayi woyembekezera mmodzi mwa asanu aliwonse amene anafunsidwa anali ndi mantha aakulu. Wina wa mu 2020 anaonetsa kuti amayi a mimba yoyamba amene anaphunzitsidwa za uchembere limodzi ndi owadikirira, mantha awo anachepa.

Kukonzekeretsa maganizo

Choyamba, mayi adziwe zimene zidzachitike. Pa mimba yoyamba matenda atha kutenga maola 12 ngakhale kuposerapo. Si ufiti ayi, ndipo si umboni woti wina anayenda njira m'banjamo. Kuumiriza mayi kuti aulule zibwenzi ali pa ululu kumangomuwonjezera mantha ndi kuchedwetsa ulendo wa kuchipatala. Bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Kusikeloko afunse zonse zimene zikumudetsa nkhawa, ndipo apemphe kuona chipinda chochiliramo.

Chachiwiri, aphunzire kupuma. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, kenaka autulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6, atamasula mapewa ndi nsagwada. Azichita zimenezi madzulo aliwonse kwa mphindi khumi. Ng'ombe ya pangolo sitiiphunzitsa goli pa tsiku lopita kumsika.

Chachitatu, asankhe yekha womudikirira: mayi ake, mchemwali kapena apongozi. Akhale munthu wodekha, ndipo azipita naye kusikelo kuti onse amve malangizo amodzi. Anankungwi polangiza wa mimba yoyamba alimbikitse, osati kuopseza. Mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, tiwapewe chifukwa atha kung'amba chiberekero.

Mantha ena ali ndi maziko

Tisanamizane, kuno ku Chigwa cha Shire mayi akamaopa ulendo wa kuchipatala sakulota. Tinaona mmene namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anadulira misewu ndi milatho. Mantha otere satha ndi kupuma kokha, amatha ndi dongosolo, ndipo apa ndi pamene abambo tiyenera kuonekera.

Pogulitsa thonje, chitowe kapena mbuzi, patulani ndalama ya ulendo, zitenje, beseni ndi kamba. Panganani msanga ndi wa njinga yamoto. Ngati mwezi wochira ukugwera m'dzinja, funsani anamwino za chidikiro kuti mayi akakhale pafupi ndi chipatala, kaya ndi cha boma ku Chikwawa, ku Ngabu, ku Nsanje kapena cha St Montfort ku Nchalo, madzi asanasefukire. Mulandireni khasu ndi ndowa m'miyezi yomaliza.

Mayi akataya magazi, akamva mutu waukulu, akatupa nkhope ndi manja, akakomoka, kapena mwana akasiya kugunda, musadikire kuti kuche. Ndipo ngati mantha afika pomulepheretsa kudya ndi kugona, auzeni anamwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, chifukwa nalonso ndi vuto lofuna chithandizo.

Ndisanatsanzike ndinawafunsa bambo aja kuti: "Nanga bambo, mbuzi mwaitchinjiriza, mtengwayu amutchinjiriza ndani?" Anaweramitsa mutu, kenaka anaitana mayi a kunyumba kuti akambirane za tsiku la sikelo. Alimi anzanga, funso lomweli ndikulisiya pakhomo panu.