Kujambula Zithunzi pa Ulendo wa Sukulu: Chitsanzo cha Mapanga a ku Chongoni

Mphunzitsi akatenga ana ake kukaona malo a mbiri yakale, ulendowo umatha tsiku limodzi, koma zithunzi zimene wabwera nazo zingathe kuphunzitsa makalasi ambiri kwa zaka. Vuto nlakuti kaŵirikaŵiri zithunzizo zimangoonetsa ana atandanda akumwetulira, chinthu chimene adapitira atachitchinga ndi misana yawo. Chithunzi chotere nchosangalatsa makolo, koma m'phunziro la mbiri yakale chilibe ntchito. Tsono pano tifotokoza kajambulidwe koyenera, ndipo chitsanzo chathu chikhala mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza.

Ku Chongoni kuli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika deralo m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a pa dziko lonse. Zojambulazo nzamitundu iŵiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi zozungulira, nzakale kwambiri, ndipo akatswiri amati adajambula ndi Akafula, anthu osaka nyama amene ena amaŵatcha Abatwa. Zoyera adajambula ndi Acheŵa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zimakhudza chinamwali ndi Nyau. Zina mwa zoyerazi zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Malo odziŵika kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Mphunzitsi adziŵe zimenezi asananyamuke, pakuti munthu sangajambule bwino chinthu chimene sakuchidziŵa.

Pamalo aliwonse tijambule zithunzi zitatu. Choyamba tichijambule tili chapatali, kuti chionetse phiri, mitengo ndi pakamwa pa phanga. Chimenechi chidzathandiza ana kuyankha funso lakuti, "Nchifukwa ninji anthu adasankha malo ano?" Chachiŵiri chionetse thanthwe lonse pamene pali zojambula, kuti ana aone m'mene zofiira ndi zoyera zakhalira, makamaka pamene china chajambulidwa pamwamba pa chinzake, poti chapamwambacho ndicho chidabwera pambuyo. Chachitatu tichijambule pafupi, chojambula chimodzi chokha chidzaze chithunzi chonse. Apa mwana mmodzi agwire rula ya masentimita 30 pambali, osaikhudzitsa thanthwe. Popanda rulayo, woona chithunzi sangadziŵe ngati chojambulacho nchachikulu ngati chikhatho kapena ngati chitseko.

Chinthu china chofunika ndi kuŵala. Dzuŵa likamaomba mbali imodzi ya thanthwe, mbali ina nkukhala mumthunzi, kamera imalephera kuonetsa mbali zonse ziŵiri bwino: kwina kumayera mbee, kwina kumada bii. Motero tidikire nthaŵi imene thanthwe lonse lili mumthunzi, kapena pamene mtambo waphimba dzuŵa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Getsi lothwanima la kamera, lotchedwa flash, tilizimitse, chifukwa limanyezimira pamwala ndi kubisa zofiira zozirala zija. Komatu m'phanga muli kamdima, ndipo m'malo otere kamera imatenga kanthaŵi kuti ilandire kuŵala kokwanira. Dzanja likangonjenjemera, chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Choncho tigwire kamera kapena foni ndi manja aŵiri, zigongono titazitsamiritsa pathupi. Tiimenso moyang'anana ndi thanthwe, osati cham'mbali, kuopa kuti chozungulira chingaoneke ngati dzira.

Pali zinthu zimene sitiyenera kuchita ngakhale zitaoneka ngati zikometsa chithunzi. Ena amathira madzi pathanthwe kuti utoto uoneke bwino. Madziwo amasungunula mchere wa m'mwala, ndipo akauma mcherewo umatsala pamwamba nkumakanganula utoto pang'onopang'ono. Ena amadutsiza choko m'mbali mwa chojambula, ena amachisisita ndi zala, osadziŵa kuti thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa mwala. Moto wophikira nawo usasonkhedwe m'phanga, chifukwa mwaye umaphimba zojambula. Ana 40 atakhudza malo amodzi, angathe kuwononga m'mphindi zochepa chinthu chimene chapirira zaka mazanamazana, ndipo palibe angachibwezeretse. Malamulo aŵa tiŵafotokoze m'kalasi ulendo usanachitike.

Tikumbukirenso kuti mapangaŵa ali ndi eni ake. Tipemphe chilolezo kwa oyang'anira malowo, tikaonekere kwa mfumu ya mudzi, ndipo tiyende ndi munthu wodziŵa deralo. Safunsa adadya phula. Matanthauzo ena a zojambula zoyera ndi chinsinsi cha olowa mwambo. Wotiperekeza akakana kufotokoza, tisamuumirize, ndipo ana aphunzirepo ulemu. Munthu aliyense tisamujambule tisanamupemphe.

Pomaliza, chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ake. Tisankhe mwana mmodzi akhale mlembi, azilemba m'kope nambala ya chithunzi, tsiku, dzina la malo, mtundu wa utoto ndi zimene wotiperekeza wanena. Tikabwerera ku sukulu, titsukitse zithunzi zoŵerengeka zabwino, tizimate pa pepala lolimba, mawu aja tiŵalembe kunsi kwake. Pophunzitsa, tisafulumire kufotokoza. Tiyambe tafunsa ana kuti anene zimene akuona, kenaka ayerekeze chofiira ndi choyera, pomaliza anene chimene chidayamba ndi umboni wake. Mwa njira imeneyi mwana amazindikira kuti mbiri yakale imachokera ku umboni, ndipo ngakhale amene adatsala kunyumba chifukwa chosoŵa ndalama ya ulendo amapindula nawo.