Zithunzi za Nyanja ya Bering ndi Funso la Kusakondera mu Insaikulopediya

Kawirikawiri akonzi a insaikulopediya amayesa cithunzi ndi mafunso awiri: kodi cikugwirizana ndi nkhani, ndipo kodi sicikukondera mbali ina pa ndale? Zimene zinacitika ku Soviet Union zikusonyeza kuti mafunso amenewa sakwanira.

Voliyumu 5 ya insaikulopediya yaikulu ya dzikolo, yosindikizidwa mu 1950, inali ndi nkhani yotamanda Lavrentiy Beria, yemwe anatsogolera apolisi acinsinsi m'nthawi ya Stalin, pamodzi ndi cithunzi cake. Boma litamanga ndi kupha Beria mu 1953, ofalitsa anatumizira ogula bukulo masamba atsopano, nawalangiza kudula akalewo ndi lezala ndi kumatapo atsopanowo. Pamalo pa Beria panalowa, mwa zina, zithunzi za Nyanja ya Bering, popeza maina awiriwa ndi oyandikana m'ndondomeko ya zilembo.

Zithunzizo zinali zogwirizana ndi mutu wake, ndipo madzi alibe cipani. Woziyesa pazokha sangazipeze ndi mlandu. Komabe nchito yake inali ya ndale, kudzaza mpata umene munthu wofafanizidwa anasiya. Kukondera kunali m'cimene cinacotsedwa, ndipo wowerenga wopeza bukulo litamatidwa kale ankangoona nyanja.