Chunga si dzala ndi manda cabe, tiikeni pa mapu

Usiku wina m'nyengo ya mvula lamya yanga inalira nthawi ya 22 koloko. Anali mtsogoleri wa mphakati wina kuno ku Chunga, akuti mayi wina wokalamba wadwala mwakayakaya ndipo abale akufuna ansembe adzamudzoze mafuta a odwala. Nditafunsa kuti nyumbayo ili pati, anandiyankha kuti: "Mukapitirira kantemba ka malasha, mukhote kumanzere pamene panali mtengo wa mango, nyumba yacitatu ya geti lakuda."

Mtengowo anaudula kalekale. Ine ndidziwa pamene unali cifukwa ndakalambira muno, koma ansembe athu anali atangobwera kumene m'parishi. Tinasiya galimoto kumsewu, ine patsogolo ndi tochi, ndipo tinapeza mayiyo akali kupuma. Pobwerera ndinadzifunsa kuti, ikanakhala ambulansi yoyendetsedwa ndi munthu wosadziwa Chunga, ikanafika liti?

Nkhaniyi nditaisimbira mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira za makompyuta, anandikoka Loweruka lina kuti ndikaone msonkhano wa anzake m'tauni. Ndinapeza anyamata ndi atsikana atakhala pa matebulo, aliyense maso pa laputopu. Pa kompyuta panali cithunzi ca komboni cojambulidwa kucokera m'mwamba, ndipo iwo anali kulemba mzere mozungulira denga lililonse, kenaka njira, kenaka ngalande. Msonkhano wotere amaucha mapathon. Zimene alemba zimalowa mu OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene anayambitsidwa ndi Steve Coast ku Britain mu 2004, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wowonjezerapo ndi kuwagwiritsa nchito popanda kulipira.

Muno mu Lusaka acinyamata a zamakompyuta akhala akukumana kwa zaka zambiri. BongoHive, malo awo odziwika kwambiri, inayamba mu 2011. Palinso gulu la OSM Zambia, ndi ophunzira a YouthMappers pa University of Zambia. Ena mwa iwo amapanga timapulogalamu ta pa foni togwiritsa nchito GPS. Anandifotokozera kuti foni imamvera ma setilaiti osacepera anayi amene ali kumwamba, n'kuwerengera nthawi imene uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, ndipo ikatero imadziwa pamene waima. Ukaima pa mpope n'kudina, mpopewo walembedwa. Ife ku seminale yaing'ono mapu tinali kuwaona pa khoma, ndipo anali ndi mitsinje ya ku Ulaya yambiri kuposa midzi ya kwathu.

Wina anganene kuti awa ndi maseŵera a ana ophunzira. Ine sinditero, cifukwa kolera ndinaiona. Mu 1854 ku London, dokotala John Snow analemba pa mapu nyumba iliyonse mmene munafa munthu, ndipo anaona kuti imfa zaunjikana mozungulira mpope umodzi wa mu Broad Street. Akuluakulu anacotsa cogwirira ca mpopewo. Ife kuno kolera inabuka mu October 2017, ndipo pofika pakati pa 2018 inali itagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, Kanyama ndiye anazunzika kwambiri. Asilikali analowa m'misewu kuyeretsa, zitsime zosazama zinakwiriridwa, m'madera ena ngakhale mapemphero anaimitsidwa. Inabweranso mu October 2023, masukulu anacedwa kutsegulidwa mu January 2024, ndipo bwalo la Heroes linasanduka cipatala. Funso la a zaumoyo nthawi zonse limakhala limodzimodzi: citsime cili pati, cimbudzi cili pati, ndipo zatalikirana mapazi angati? Popanda mapu, yankho limabwera maliro atayamba kale.

Ndinapempha mwanayo kuti andionetse Chunga pa kompyuta. Zinthu zikuluzikulu zinaoneka msanga: dzala kumene mzinda wonse umataya zinyalala, manda, ndi madamu a zonyansa za m'zimbudzi. Ndi zitatu zomwezo zimene munthu wa ku Kabulonga amadziwa za ife. Nyumba zathu zinalipo ngati timabokosi, koma zambiri zopanda dzina, zopanda nambala. Mu 2021 bungwe la Ordnance Survey la ku Britain linagwiritsa nchito kompyuta kuwerenga zithunzi za m'mwamba, ndipo linalemba nyumba zoposa 300,000 mu Lusaka. Ndi nchito yaikulu ndithu. Koma cithunzi ca m'mwamba cimaona malata cabe. Sicidziwa kuti njira iyi imasanduka mtsinje mu February, kuti mpope uja unauma, kapena kuti kanjira kaja mwini pulotiyo anakatseka ndi mpanda.

Amene adziwa zimenezi ali m'komboni. Kuyambira m'ma 1970, pamene maepiskopi a AMECEA anagwirizana kuti mpingo umangidwe pa miphakati, Akatolika tinagawa makomboni m'tizigawo ting'onoting'ono. Mayi wa mphakati amene amayendera odwala adziwa khomo lililonse, ngalande iliyonse, ngakhale galu woluma. Mipingo ina nayonso ili ndi zigawo zake, ndipo pali makomiti a zaumoyo ndi ogulitsa madzi pa makiyosiki. Mapu a Chunga alipo kale, koma ali m'mitu ya anthu amene sanaitanidwepo ku msonkhano uliwonse wa m'tauni, ndipo ngakhale ataitanidwa ndalama ya basi ndi Cingelezi ca kumeneko zingawabweze. Ku Kibera mu Nairobi, mu 2009, anali acinyamata a m'komboni momwemo amene anatenga tizipangizo ta GPS n'kuyenda okha, kulemba mipope, zimbudzi, masukulu ndi makiliniki.

Mantha nawonso alipo, ndipo sindiwapeputsa. Anthu ambiri m'makomboni amakhala pa malo ndi cipepala ca occupancy licence ca zaka 30, ena alibe ngakhale cimeneco. Munthu wotere akaona mlendo akuloza foni pa nyumba yake, amaganiza za buldoza kapena za msonkho. Ine ndekha sindingavomere kuti dzina la wodwala kapena nyumba ya mayi wamasiye wokhala yekha ziikidwe pa intaneti kuti mbala iliyonse iziona. Zimene timamva poyendera odwala zimatsala pakati pa ife ndi Mulungu. Zolemba pa mapu zikhale za onse: njira, milatho, mipope, zitsime, ngalande, ndi pamene galimoto ingathe kutembenukira. Ndipo kansala ndi atsogoleri a m'dera auzidwe nchito isanayambe, kuti anthu adziwe olembawo ndi ndani.

Cotero pempho langa kwa acinyamata a BongoHive, OSM Zambia ndi a ku yunivesite ndi lakuti msonkhano umodzi mwa yambiri imene mumacita ubwere kuno. Holo ya chalichi imakhala yopanda anthu Loweruka masana tikatsiriza katekisimu. Mubwere ndi mafoni odzaza moto cifukwa magetsi sitingakulonjezeni, muvale nsapato zosaopa matope, ndipo gulu lililonse tidzalipatsa mayi mmodzi wa mphakati woyenda nalo. Tidzayambira pa kantemba ka malasha, ndikakuonetseni pamene panali mtengo wa mango.