Mayeso a Ntchito za Boma: Yambani ndi Nyanja Yanu Yomwe

Boma likalengeza kuti likufuna makalaliki, alangizi a zaumoyo kapena a zaulimi, anyamata ndi atsikana a kuno ku Phalombe amene adakhoza mayeso a Fomu 4 amalaŵirira m'mamaŵa, makalata ali m'manja. Malo amakhala oŵerengeka, ofuna ntchito ali mazanamazana. Tsono pofuna kupeta, olemba ntchito amayesa anthu, pena ndi mayeso olemba, pena ndi mafunso a pakamwa. Pakati pa mafunsowo kaŵirikaŵiri pamakhala ena ofuna kuona ngati munthu akulidziŵa dziko lake: mbiri yake, mapiri ndi nyanja zake, kayendetsedwe ka boma, ndi zimene zikuchitika masiku ano. Chigawo chimenechi ndicho chimagwetsa ana athu ambiri, popeza chilibe buku limodzi loti munthu aliloŵeze usiku umodzi.

Ife amene takhala zaka makumi atatu ndi choko m'manja tidayesa tsiku lina achinyamata asanu ndi mmodzi amene ankakonzekera mayeso otere. Tidakhala pamthunzi kuseri kwa tchalitchi, mapemphero atatha. Likulu la dziko la France onse adalitchula msangamsanga. Koma titafunsa chifukwa chake madzi a Nyanja ya Chilwa ali amchere, padangoti zii. Pamenepo n'kuti aŵiri mwa iwo ali ana a asodzi a ku Swang'oma, amene fizi yawo idachokera m'matemba!

Yankho lake si lapatali. Mitsinje monga Phalombe, Sombani, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathira madzi ake m'chigwa chimenechi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulutsa madzi m'nyanjamo. Madzi amachoka pouma ndi dzuŵa, mchere umene adabwera nawo n'kutsalira. Ndiponso nyanjayi ndi yosazama, kotero kuti mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, pamene ngalaŵa zidangokhala pamatope ong'ambika. Mwana amene wamvetsa zimenezi sanaloŵeze kanthu, koma waphunzira za nyengo, za madzi ndi za chuma cha anthu nthaŵi imodzi, ndipo wofunsa angatembenuze funso m'mene angafunire, iye sangasokonezeke.

Kuchokera pagombe pomwepo njira zimaloŵera ku maphunziro onse. Nyanjayi ndi yachiŵiri kukula m'Malaŵi muno. Imakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kuvuma kwake ndi malire a Mozambique. Makumba, matemba ndi milamba ndizo nsomba zake zodziŵika. Mu 1997 idakhala malo oyamba m'dziko muno kuloŵa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi. Ndipo wophunzira wachidwi adzafuna kudziŵa kuti Ramsar ndi mzinda wa ku Iran kumene panganolo lidasainidwa mu 1971. Pa za mbiri, David Livingstone adafika panyanjayi mu 1859. Pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi adamangapo Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Pa zaumoyo, funsani chifukwa chake kolera amavuta asodzi ogona m'zimbowera, amene madzi akumwa ndi otayiramo zonyansa ali amodzimodzi. Amene akufuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo nalephera kulongosola chimenechi adzalangiza yani?

Zaka zina makolo adaziona ndi maso awo: madzi ndi miyala zotsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, zimene ambiri adazitcha Napolo, Phalombe kupatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha mu 1998, namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Makolo, musati mulibe chothandizira ana anu chifukwa sukulu mudalekeza panjira. Nkhani zimenezi muli nazo, ndipo chimene mwana wamva kwa agogo ake pabwalo madzulo sachiiŵala msanga.

Pali zina zoyenera kungosungidwa bwino m'mutu, ndipo n'zoŵerengeka: ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964, dziko kusanduka Ripabuliki mu 1966, kwacha kuloŵa m'malo mwa paundi mu 1971, likulu kusamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, chisankho cha riferendamu pa 14 Juni 1993, malamulo atsopano oyendetsera dziko mu 1994. Dziŵani nthambi zitatu za boma ndi ntchito ya iliyonse: yopanga malamulo, yoyendetsa dziko, ndi ya makhoti. Dziŵaninso kuti bungwe la Civil Service Commission lidakhazikitsidwa ndi malamulo a dziko omwewo kuti lizilemba ndi kusunga mwambo pakati pa ogwira ntchito m'boma. N'chamanyazi kukapempha ntchito pakhomo pamene mwini wake simukumudziŵa.

Chenjerani ndi makope akale obwerekana. Mmodzi wa achinyamata aja adayankha molimba mtima kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo alipo 193, monga mudalembedwera m'kope la mkulu wake. Zidali zoona kale, koma pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 madera adafika 229. Mankhwala ake ndi wailesi. Mverani nkhani tsiku ndi tsiku, kope lili pambali, mulembe dzina, malo ndi chaka. Nyuzipepala ikapezeka, ngakhale ya sabata yatha, iŵerengeni yonse, osati tsamba la mpira lokha. Apa tidandaule pang'ono: nthaŵi ya nkhani za madzulo ndi yomweyo mtsikana amakhala pamoto akutakasa nsima, mlongo wake ali chikhalire pafupi ndi wailesi. Pa tsiku la mafunso onse adzakhala pampando umodzimodzi.

Tamvanso za anthu oyenda m'misika, onena kuti ali ndi mapepala a mafunso kapena kuti angathe kuloŵetsa dzina pamndandanda mutawapatsa kangachepe. Banja lina la mumpingo mwathu lidagulitsa mbuzi ziŵiri ndi matumba a mpunga, ndipo munthuyo sadaonekenso.

Kagulu kathu kaja kamakumanabe Lamulungu lililonse masana. Aliyense amabwera ndi mafunso asanu amene wakonza yekha m'sabatamo, aŵiri a za kwathu kuno, aŵiri a za dziko lonse, limodzi la kunja, ndipo woyankha amaimirira nayankha mokweza m'Chingerezi, monga adzachitira pamaso pa ofunsa. Sabata yamaŵa tidzayamba ndi chilumba cha Chisi.