Kondenseti wa ku Temane: amayeza ndani, amalandira ndani?

Gasi wa m'zitsime za ku Pande ndi Temane, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, satuluka yekha. Pansi penipeni pa nthaka pamatentha kwambiri, zinthu n'zopanikizika, ndiye zonse zimakhala mpweya. Zikafika kumtunda n'kuzizira, gawo lina limasanduka mafuta opepuka, oyera ngati palafini, osachedwa kuyaka. Mafuta amenewa ndiwo kondenseti.

Kampani ya Sasol ya ku South Africa idayamba kutulutsa gasi kumeneku mu 2004. Pafakitale ya ku Temane amalekanitsa gasi, madzi ndi kondenseti. Kenako kondensetiyo amamutenthetsa pang'ono kuti mpweya wotsalira uchoke, chifukwa akapanda kutero amafufuma m'thanki ndipo ngozi siichedwa. Gasi amalowa m'paipi ya makilomita 865 mpaka ku Secunda m'dziko la South Africa, pomwe kondenseti wakhala akunyamulidwa pa matankala kupita kudoko la Beira, n'kugulitsidwa kunja asanayengedwe.

Kuyenga kwake si kovuta kumvetsa. Amamuwiritsa m'nsanja yaitali yachitsulo, zopepuka zimakwera pamwamba, zolemera zimatsala m'munsi, ndipo mumatuluka nafita wopangira petulo, palafini, mafuta a ndege ndi dizilo pang'ono. Koma fakitale yoyengera mafuta ya ku Matola idatsekedwa m'zaka za m'ma 1980. Ndiye ku Beira komweko, kumene kondenseti amatulukira, ndi kumene petulo wogula kunja amalowera, kuphatikizapo wina amene matankala amabwera naye ku Malawi. Phindu la kuyengalo amadyerera ndi ena.

Nanga mwini chumachi ndani? Ndime 98 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique imati zonse za pansi pa nthaka ndi za boma. Kampani imangopatsidwa chilolezo. Woyang'anira zilolezozo, komanso woonetsetsa kuti zomwe zatuluka zayezedwa moona, ndi bungwe la Instituto Nacional de Petróleo. Ntchito yoyezayi musaione kuchepa. Msonkho wa zomwe zatuluka umawerengedwa kuchokera pa mita yoyezera, ndipo katundu woyenda pamsewu savuta kusowa poyerekeza ndi woyenda m'paipi.

Boma limachitanso nawo malondawo kudzera m'kampani yake ya ENH. Pa mgwirizano woyamba wa Pande ndi Temane, Sasol idatenga magawo 70 pa 100 alionse, kampani ya CMH yomwe ili pansi pa ENH idatenga 25, ndipo IFC, nthambi ya World Bank, idatenga 5. Apa m'pofunika maso, pakuti boma lomwelo ndi wamalonda, ndi wotolera msonkho, ndiponso woweruza. Bungwe loima palokha la Centro de Integridade Pública lakhala likudandaula kuti dziko lidapindula zochepa pa mgwirizanowu, makamaka chifukwa cha mtengo wotsika wa gasi.

Munthu wamba gawo lake lili poti? Kuyambira mu 2013, magawo 2.75 pa 100 alionse a msonkho wa zomwe zakumbidwa amayenera kubwerera kumidzi yomwe kuli zitsime, monga m'maboma a Inhassoro ndi Govuro, kuti akamange zipinda za sukulu, mijigo kapena misika. Zoti ndalamazo zigwire ntchito yanji amayenera kukambirana m'makhonsolo a m'midzi, osati kungomva kuti akuluakulu agamula kale. Mu 2022 boma lidakweza gawo lobwerera kuzigawo kufika pa 10 pa 100 alionse, koma la midzi lidatsala pa 2.75 pomwepo.

Mozambique idalowa mu 2009 m'ndondomeko ya EITI, yomwe imafuna kuti makampani aulule zomwe alipira, boma liulule zomwe lalandira, manambalawo afananizidwe poyera. Malipoti ake aliyense ali ndi ufulu wowawerenga. Ngati kwanu kukukumbidwa chilichonse, kaya gasi, malasha kapena miyala ya mtengo wapatali, funsani khansala kapena phungu wanu kuti zatuluka zochuluka bwanji chaka chino, adayeza ndani, ndipo gawo la mudzi lafika liti.