Bungwe la Anthu Othandizana Kuleka Mowa

Pafupifupi m'mudzi uliwonse muli munthu amene mowa unamgonjetsa. Akagulitsa fodya ndalama zimathera ku kachasu, ana nasowa zovala. Ankhoswe amakhala naye pansi, mwini wake nalumbira kuti waleka, koma pakapita masabata awiri wayambanso. Ambiri amayesa kuti munthu wotere ngwosamva chabe. Koma madokotala amati uchidakwa ndi nthenda, ndipo njira imodzi yolimbana nayo anaipeza ndi zidakwa zomwe.

M'chaka cha 1935 munthu wina wamalonda wa ku New York, dzina lake Bill Wilson, anapita ku mzinda wa Akron, m'chigawo cha Ohio ku America. Anali ataleka mowa miyezi isanu yokha. Malonda amene anapitirawo analephereka, ndipo ali yekhayekha m'hotela anamva chilakolako cha mowa chilikubwerera. Tsono m'malo mopita komwera, anaimba telefoni kwa mbusa wina kufunsa ngati akudziwa chidakwa chimene angacheze nacho. Potsiriza anakumana ndi Dr. Bob Smith, dokotala wa opaleshoni, amene mowa unali kumuonongera ntchito. Dokotalayo anati amvetsera kwa mphindi 15 zokha, koma anacheza maola ambiri. Chimene chinamgwira mtima nchakuti mlendoyo sanamdzudzule konse, koma anangosimba za iye mwini: mabodza amene ankanena kunyumba, manyazi a m'mawa, ndi malumbiro ake osatha. Dr. Smith analeka mowa mu June chaka chomwecho, ndipo sanamwenso kufikira imfa yake mu 1950.

Umu ndimo linayambira bungwe la Alcoholics Anonymous, ndiko kunena zidakwa zosatchulidwa maina. Mu 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe 12 oyenera kutsata. Loyamba ndilo kuvomera kuti mowa wamposa mphamvu, ndipo ena amafuna kuti munthu apepese ndi kukonza zimene analakwira anzake. Lero bungweli lili m'maiko ambirimbiri.

Msonkhano wao ngwapafupi. Anthu amakumana m'chipinda cha tchalitchi kapena cha sukulu, kawirikawiri kwa ola limodzi. Palibe dokotala wowatsogolera, palibenso ndalama yolembetsera. Amangosonkha mwaufulu zolipirira chipinda ndi tiyi. Aliyense amatchula dzina lake loyamba lokha, nasimba mmene sabata yamuyendera, anzake ali chete. Wosafuna kulankhula samkakamiza. Zonenedwa m'menemo siziyenera kutuluka kunja, pakuti chinsinsi chikangomveka kuchitsime, palibe adzatsegulenso pakamwa. Wobwera kumene amasankha mnzake amene analeka kale, woti azimfikira usiku kapena usana chilakolako chikamgwira. Samuuza kuti alumbire za moyo wake wonse ai, koma kuti lero lokha asamwe. Za mawa adzaziona mawa.

Kodi kucheza chabe kungathandize bwanji? Munthu wamavuto amadziona ngati ndiye yekha woipa padziko, ndipo manyaziwo ndiwo amambwezera ku mowa. Akamva wina akusimba zonga zake, katunduyo amapepuka. Akaona munthu amene wakhala zaka zisanu osamwa, amakhulupirira kuti nzotheka. Ndipo wothandizayo nayenso amalimba pothandiza, monga anaonera Wilson ku Akron. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, napeza kuti njira imeneyi imathandiza kuleka mowa mofanana ndi uphungu wa akatswiri, ndipo pena kuposa.

Akazi a zidakwa nawonso anaona kuti ali ndi zao zosimba, kotero mu 1951 Lois Wilson, mkazi wa Bill, ndi mnzake anayambitsa bungwe la Al-Anon la mabanja. Tsopano kuli magulu otere a ofedwa, a otchova juga, ndi a odwala nthenda zokhalitsa.

Komabe gulu si chipatala. Munthu amene wamwa kwambiri zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi akhoza kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka, ndipo ena amafa nazo. Wotereyo ayambe waonana ndi dokotala asanaleke. Chimodzimodzi munthu amene akulankhula zodzipha: anzake asadikire tsiku la msonkhano, koma amperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.